Hatchi yanga ya dongo ikumatuluka ngati galu, ndikulakwitsa pati?

ChalaChaDongo:

Moni akuluakulu nonse. Funso langa litalikirapo pang'ono ndiye mundipirire. Ndakhala ndikuumba ndi dongo kwa zaka zinayi tsopano, makamaka mitu ya anthu ndi timbalame, ndipo sikudzitama ayi koma nkhope ya munthu ndimaitha ndithu moti achibale ake akaona amangoti eee ndi yemweyo. Ndiye miyezi itatu yapitayi ndinati bwanji ndiyeseko hatchi, poti ndi nyama imene ndinkadzaza nayo masamba akumbuyo a makope akusukulu mpaka aphunzitsi kundilanda, ndimaganiza kuti ikhala ntchito ya masiku awiri basi.

Yoyamba nditamaliza ndinaiika patebulo nkumadikira kuti wina ayamikire, mlongo wanga kulowa nkuti "koma galuyu ndi wokongola bwanji, ndi wa mtundu wanji?" ndipo sikuti amandiseka ayi, amanena zochokera pansi pa mtima, bola akanangondiseka kkkk. Yachiwiri ndinaitalikitsa miyendo kuti isiye ugalu, ndinakagona ili chilili, kudzuka m'mawa ndaipeza yagwada ngati ngamila, miyendo yonse yapindika mimba ili pathabwa. Yachitatu ndinaika waya m'kati mwa miyendo, inaima bwinobwino, koma itangoyamba kuuma yang'aluka miyendo yonse inayi kutsatira waya uja, ming'alu yake yolowa chikhadabo.

Ndiye inu amene mumaumba kapena kusema mahatchi, munayamba bwanji kuti mufike pomwe mulipo? Kodi mpaka ndiphunzire mafupa ngati dokotala wa ziweto? Mufoni mwanga muli zithunzi za mahatchi zoposa 200 zimene ndakoka pa intaneti, zimenezi sizokwanira? Ndiulule kuti hatchi yamoyo sindinaigwirepo chibadwire, ndinaionapo patali kawiri, ndipo kunena zoona ndimaiopa.

MsemiWakale:

Mphwanga, takulandira kumavuto kkk. Galu ameneyo tonse tinamuumbapo, wanga anali pakati pa galu ndi mbuzi.

Ine ndinayambira kusema mitengo ndili mnyamata, kenako ndinakhala zaka zambiri ndikuwotcherera zitsulo, mageti ndi mawindo, zosemazo nkumangochita Loweruka. Hatchi inandipeza mwangozi. Bambo wina amene ndinamukonzera geti anaona kadzidzi wamtengo ali pashelefu nkundifunsa ngati ndingamusemere mutu wa hatchi yake imene inali itangofa kumene. Anandipatsa zithunzi zitatu. Ndinasema milungu isanu, nditapita nawo mutuwo anautembenuza uku ndi uku osalankhula, kenako nkungoti "mwayesetsa, koma si yanga ija, ndipo sindikudziwa ngati ili hatchi." Ndalama anandipatsa ndithu koma m'thumbamo zimawotcha. Patatha sabata ndinabwererako kukapempha kuti ndizibwera m'mawa kuwola ndowe ndi kutunga madzi m'khola mwake, malipiro anga akhale ongondilola kukhala pakona ndi kope ndi pensulo. Ndinayenda choncho miyezi isanu ndi itatu.

Tsiku limene zinanditsegukira ndimalikumbuka. Panali mkulu wina wosamalira mahatchiwo, munthu wosalankhulalankhula, anasuzumira m'kope mwanga nkuona ndajambula mwendo wakutsogolo ngati mzati wozikidwa pachifuwa. Sananene kanthu, anangondigwira dzanja nkuliika paphewa pa hatchi ina yaikazi yofatsa, nkuyamba kuiyendetsa pang'onopang'ono ine ndikutsatira cham'mbali dzanja lili pomwepo. Ndinamva fupa lonse la phewa, lalikulu lophwatalala ngati khasu, likutsetsereka pansi pa chikopa, kupita kutsogolo nkubwerera, kupita nkubwerera. Mpamene ndinadziwa kuti mwendo wakutsogolo suyambira pomwe maso amauonera, umayambira kumtunda pafupi ndi kalinunda kaja ka pomwe khosi limakumana ndi msana. Ndipo hatchi ilibe fupa lija lopingasa limene ife tili nalo m'munsi mwa khosi lolumikiza phewa ndi chifuwa, chifuwa chake chimangolendewera pakati pa miyendo iwiriyo pa minofu ngati chakolekedwa pa malamba. Zimenezi pachithunzi sungazione ngakhale utakhala ndi zithunzi 2,000.

Wafunsa za mafupa. Hatchi ili ndi mafupa pafupifupi 205, sukuyenera kuwaloweza onse ayi, koma a miyendo uwadziwe ngati zala zako, chifukwa ndi zala zakodi. Chimene timachitcha bondo pa mwendo wakutsogolo si bondo, ndi pomwe iwe umavala wotchi. Chigongono chake chili kumtunda, chabisala pafupi ndi nthiti. Kumbuyo nako, chija chosongoka choloza kumchira chimene anthu amati bondo lopindikira kumbuyo ndi chidendene, bondo lenileni lili m'mwamba pafupi ndi mimba. Kutsika m'munsi ndi fupa limodzi lalitali kenako chala chimodzi, chapakati, chiboda ndiye chikhadabo chake. Tayesa kuimika chala chako chapakati patebulo dzanja lili m'mwamba, ndi mmene nyamayi imaimira moyo wake wonse. Ndiye kuchokera pa "bondo" lija kutsika mulibe mnofu, muli fupa, mitsempha yolimba ngati zingwe ndi chikopa basi, ukayang'ana cham'mbali mpotambalala, ukayang'ana kutsogolo mpochepa, ndipo pakati pa fupa ndi mtsempha pali kangalande kooneka bwino. Oyamba kumene amaumba pamenepa mobulungira ngati soseji, ndi pomwe ugalu umayambira.

China ndi khosi. Mafupa a khosi ndi 7 ngati athu omwewa koma sadutsa pamwamba pomwe pali tsitsi lija, amatuluka kumutu nkutsetsereka m'munsi ngati chilembo cha S nkukalowa pakati pa mapewa chapansi ndithu. Pamwambapo ndi mtsempha waukulu ndi mnofu. Ukaika waya wa khosi pamwamba hatchi yako izioneka ngati yameza ndodo.

Poyeza gwiritsa ntchito mutu wake womwewo. Kuchoka pansi kufika pa kalinunda kaja ndi mitu iwiri ndi theka kapena pafupi pamenepo, kuchoka pachifuwa kufika kumatako nkhani yake ndi yomweyo, ndiye kuti thupi ndi miyendo zimalowa m'bokosi lofanana mbali zonse. Ndikutsimikiza kuti mutu wa hatchi yako ndi waung'ono, aliyense amauchepetsa poopa kuti uoneka ngati wa bulu. Komanso poti wazolowera nkhope za anthu ndikukayika ngati maso sunawaike kutsogolo. A hatchi ali m'mbali, otundumuka, pamwamba pake pali kadzenje, ndipo kuchoka padiso kufika pamphuno ndi ulendo wautali wa fupa lokhalokha lokutidwa ndi kachikopa kopyapyala.

Usaone ngati ndife oyamba kuvutika. George Stubbs wa ku England, m'zaka za m'ma 1750, anakadzitsekera pafamu ina ku Horkstow m'chigawo cha Lincolnshire kwa miyezi 18, akukoleka mitembo ya mahatchi pa ngowe kudenga nkumasenda chikopa, kenako minofu gawo ndi gawo mpaka pafupa, akujambula chilichonse. Buku la zojambulazo linatuluka mu 1766 ndipo mpaka lero anthu akuphunzirabe momwemo. Fungo lake taliganizira. Iwe sitikukutuma zimenezo, tikungoti pita ukagwire phewa la yamoyo.

SeraNdiWaya:

Achimwene, zimene anena a MsemiWakale nzoona zonse, ine ndingoyankhapo za kugwada ndi ming'alu poti ndi zimene ndimalimbana nazo tsiku ndi tsiku, ndimagwira ntchito kumalo osungunulira mkuwa ndipo mahatchi oumbidwa ndi anthu ena ndawadula miyendo ambiri kuposa amene ndaumba ndekha.

Hatchi yanu yachitatu sinalakwe kanthu, inachita zimene dongo limachita. Dongo lamadzi likamauma ndi kupsa limafota, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10 kapena kuposerapo pang'ono kutengera mtundu wake, pomwe waya safota, ndiye dongo likamadzikoka nkupeza chitsulo chakana m'kati limang'ambika basi. Ngati cholinga chanu nchoti mukaiwotche mu uvuni, waya asatsalemo. Muike chochirikiza pansi pa mimba, kaya kathabwa kaya mulu wa dongo lomwelo, chinyamule thupi lonse kuti miyendo isasenze kanthu, m'miyendomo mulowetse timitengo towongoka toti muzisolola dongo likalimba ngati chikopa koma lisanaumiretu. Nthawi yomweyo mudule thupi pakati ndi kawaya, mukombe m'kati kutsale khoma la sentimita imodzi kapena iwiri, mulumikizenso, nkuboola kabowo kobisika pansi pa mimba koti mpweya uzitulukira. Miyendo imauma msanga kuposa thupi ndiye muziikulunga ndi pulasitiki kuti zonse ziumire limodzi. Mahatchi a dongo aja anapezeka pamodzi ndi asilikali a dongo pafupi ndi Xi'an ku China mu 1974, aakulu ngati amoyo, anapangidwa mwanjira yomweyi, miyendo yodzaza dongo lokhalokha ngati mizati koma thupi la mphako.

Koma ine ndikanakhala inu ndikanasiya kaye dongo lamadzi pa nkhani ya mahatchi. Pezani dongo lamafuta lija amati plastiline, kapena sera, siziuma ndiye mutha kupinda mwendo lero, mawa nkuubweza, mwezi wamawa nkudula khosi lonse, palibe chikuthamangitsani. Edgar Degas, wojambula wa ku France, ankaphunzira mahatchi ndi sera yemweyu, atamwalira mu 1917 anthu anapeza tiziboliboli pafupifupi 150 m'chipinda chake chogwiriramo ntchito, tambiri ta ovina ndi mahatchi, tina titayamba kale kugumuka, m'kati mwake muli mawaya opindapinda ndi zotsekera mabotolo, za mkuwa zimene zili m'mamyuziyamu lerozi zinathiridwa mwini wake atapita kale.

Chigoba cha waya, ena amati armature, muchipange motere: jambulani kaye mafupa a hatchi cham'mbali pa katoni pa msinkhu weniweni umene mukufuna, mugoneke waya wa aluminiyamu pamwamba pa chojambulacho nkumapinda pomwe pali mfundo iliyonse, paphewa, pachigongono, pa "wotchi" ya a Msemi ija, mpaka kuchiboda. Wayayo mumupote awiri kuti dongo lipeze pogwira. Kenako kapaipi kapena bawuti wautali wochoka pathabwa kukalowa m'mimba, ameneyo ndiye mwini katundu yense. Anthu amathamangira kuphoma dongo chigoba chisanakhale bwino, pomwe chigoba chikakhala kuti sichikuoneka ngati hatchi chili chokha, dongo silidzachipulumutsa. Ndipo samalani pa kamfundo ka pamwamba pa chiboda, mpochepa kwambiri, waya akapatuka ndi mamilimita awiri okha amatulukira kunja ndipo mudzalimbana naye mpaka kulira.

Chenjezo limodzi lochokera pa chilonda changa. Dongo lamafuta lina limakhala ndi sulufule, ndipo mtundu wina wa silicone, labala yamadzimadzi yopangira chikombole, sulimba ukakhudzana ndi sulufule. Ine ndinathira pa kahatchi kanga kamene ndinakagwirira ntchito milungu itatu, kubwera m'mawa ndapeza pamwamba pauma koma m'kati monse muli phalaphala womata, kumuchotsa kunali kochotsa ndi makutu omwe. Yesani kaye pa kachidutswa.

Mukadzafika pofuna ya mkuwa, njira yake ndi yakalekale: chikombole, m'chikombolemo sera, serayo amamukuta ndi chigoba cholimba chosapsa, amamusungunula kuti atuluke, m'malo mwake nkuthiramo mkuwa wotentha kupitirira madigiri 1,000. Hatchi siithiridwa yathunthu kawirikawiri, timaidula zidutswa nkudzaiwotchereranso, ndiye musadzakomoke mukadzaona tikuicheka kkk.

Za miyendo yokana kusenza thupi musadandaule nazo, akatswiri enieni anabera mayeso pamenepa. Donatello pa chiboliboli cha msilikali Gattamelata ali pahatchi ku Padua ku Italy, chomalizidwa mu 1453, anaika kampira pansi pa chiboda chakutsogolo chimene chimayenera kukhala m'malere. Pietro Tacca pa hatchi ya mfumu Philip IV ku Madrid, cha m'ma 1640, yoimirira ndi miyendo yakumbuyo, analemeretsa kumbuyo nkupepukitsa kutsogolo, mchira nawo nkukhala ngati mwendo wachitatu. Falconet ku St Petersburg mu 1782 anaika njoka pansi pa hatchi ya Peter the Great, mfumu ya ku Russia, anthu amaona tanthauzo koma njokayo ikugwiranso ntchito yochirikiza. Leonardo da Vinci ndiye omvetsa chisoni, anaumba hatchi ya dongo yotalika mamita 7 ku Milan nkuionetsa mu 1493, chaka chotsatira mkuwa umene anamusungira unatumizidwa kukapanga mizinga ya nkhondo, mu 1499 asilikali a ku France atalanda mzindawo anaisandutsa chandamale cha mivi yawo. Inadzaima ya mkuwa ku Milan komweko mu 1999, patatha zaka 500, yopangidwa ndi Nina Akamu. Inu yanu yangogwada usiku umodzi.

Zidutswa99:

Aaa koma akuluakulu mukumuopseza mnzathuyu. Mafupa 205, mitembo kudenga, miyezi 8 yowola ndowe, munthu wangofuna kuumba kahatchi basi kkkk. Aise ine ndimapanga mahatchi ndi zidutswa za zitsulo, matcheni a njinga, masipoko, masupuni, chilichonse chimene ndatola, ndipo dzina la fupa ngakhale limodzi sindilidziwa koma palibe anandiuzapo kuti ndapanga galu. Kwa ine hatchi ndi mzere umodzi, uja wochoka kumakutu kutsetsereka pakhosi kudutsa pamsana kukwera pachiuno nkugwera kumchira, ukaupeza umenewo zina zonse diso la woonayo limamalizitsa lokha.

Taonani ntchito za Deborah Butterfield wa ku America, m'ma 1970 ankapanga mahatchi ndi matope ndi timitengo, kenako zitsulo zotayidwa, masiku ano amasanja nthambi zouma nkuzithira mu mkuwa nkuzipaka kuti zizionekabe ngati mitengo. Mulibe maso mulibe ziboda zenizeni, mphepo imadutsa m'mimba, koma ukaima pafupi umadikira kuti ipume. Nanga kahatchi kaja kanapezeka kuphanga la Vogelherd ku Germany mu 1931, kosema pa mnyanga wa mammoth, njovu zaubweya zija zinatha kalekale, kosakwana ndi masentimita 5 komwe, ka zaka zoposa 30,000, amene anakasemayo anawerenga buku la ndani? Khosi lokha lija lopindika basi wamaliza nkhani.

Komanso akatswiri akalewo ankalakwitsa bwinobwino. Kwa zaka mazanamazana ankajambula hatchi yothamanga miyendo yakutsogolo itatambasukira kutsogolo yakumbuyo kumbuyo ngati ikuuluka, mpaka Eadweard Muybridge mu 1878 ku Palo Alto ku California anandandalika makamera nkuonetsa kuti nthawi imene ziboda zonse zinayi zili m'malere miyendo imakhala itapindikira pansi pa mimba. Ndiye kuti zithunzi zakale zonsezo nzabodza, koma mpaka lero anthu akuzikondabe. Ine ndingoti panga mahatchi 50 ang'onoang'ono, lililonse mphindi 20, osawasalaza, osawakonda, ukamaliza uphwanye uyambenso.

MsemiWakale:

Mphwanga Zidutswa, za mahatchi 50 ndagwirizana nawe kwathunthu, ndipo ndikanazidziwa kale sindikanataya milungu isanu pa mutu umodzi. Koma mayi Butterfield amene ukuwatchulawo amaweta mahatchi ndipo amakwera okha kwa zaka zambirimbiri, nthambi iliyonse amaiika pomwe pali fupa kapena mnofu, amasiya zambiri chifukwa akudziwa chimene akusiya. Andy Scott amene anapanga mitu iwiri ija ya zitsulo ya mamita 30 ku Falkirk ku Scotland, ma Kelpies, anayamba wajambula mahatchi awiri amoyo a mtundu wa Clydesdale, Duke ndi Baron. Ndipo wa ku Vogelherd uja analibe buku, eya, koma mahatchi ankawaona tsiku lililonse ndipo mwina ankawasenda yekha ndi mwala. Mnzathuyu wanena yekha kuti anaiona kawiri, patali.

Mlendo_wodutsa:

Pepani ndilowerere pang'ono, ndinamva kuti pa ziboliboli hatchi ikakweza miyendo iwiri ndiye kuti wokwerayo anafera kunkhondo, ikakweza umodzi anavulala, ikaponda yonse anafa ndi matenda. Ndi lamulo lake eti?

SeraNdiWaya:

Ayi ndithu, ndi nkhambakamwa chabe imene imangoyenda. Hatchi ya Andrew Jackson, pulezidenti wakale wa America, ku Washington, imene Clark Mills anamaliza mu 1853, yaimirira ndi miyendo yakumbuyo yokha, koma Jackson yo anamwalira ali nkhalamba kunyumba kwake mu 1845. Woumba amakweza mwendo poti akufuna hatchi ioneke yamoyo, ndiponso poti wapeza njira yoti isagwe.

WaMkhola:

Ine sindiumba sindisema, ntchito yanga ndi yosamalira mahatchi, chaka chino ncha 14, ndiye ndingonena zimene zimandinyansa ndikaona ziboliboli zanu, musakwiye. Pafupifupi zonse hatchi imakhala yalusa, mphuno zatukumuka, kamwa yasamu, mitsempha ili tototo ngati yaona mkango. Hatchi tsiku lonse sikhala choncho abale. Nthawi zambiri imangoima, mwendo umodzi wakumbuyo itaupumitsa pa nsonga ya chiboda, chiuno chapendekeka mbali imodzi, mlomo wam'munsi uli lende, maso ali mwatheka, ikuwodzera chiimirire poti miyendo yake ili ndi kokhomera mfundo kuti isagwe. Amene angandiumbire imeneyo ndingadziwe kuti anakhalapo m'khola.

Muziyang'ananso makutu. Khutu lililonse limatembenuka palokha, lina kutsogolo lina kwa iwe, ndipo komwe kwaloza khutu ndi komwe kuli maganizo ake. Onse awiri akagonera kumbuyo kumamatira pakhosi choka msanga. Ndaonapo chiboliboli cha hatchi yoti ikusewera ndi mwana koma makutu atagona chomwecho, ndinangoti mwanayu watsala pang'ono kulumidwa.

Kayendedwe nako mumasokoneza. Ikamayenda wamba ziboda zimagunda kanayi motsatana, chakumbuyo kumanzere, chakutsogolo kumanzere, chakumbuyo kumanja, chakutsogolo kumanja, ndipo mutu umagwedera motsatira. Ikawonjezera pang'ono miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasana, wakutsogolo kumanzere ndi wakumbuyo kumanja limodzi. Jambulani vidiyo pafoni muziiyendetsa pang'onopang'ono, bola imeneyo kusiyana ndi zithunzi 200 zija. Komanso kulemera kwambiri kuli kutsogolo, ngati magawo 6 pa 10, nchifukwa chake ziboda zakutsogolo zimakhala zobulungira ndi zokulirapo, zakumbuyo zosongokerapo.

Za mantha achimwene, mantha ndi abwino, nyama ya makilogalamu 450 kapena 500 si yoseweretsa. Mupemphe mwini wake akhale pomwepo. Musaidzere kumbuyo kwenikweni kapena kutsogolo kwenikweni kwa chipumi, malo awiri amenewo siona bwino, muidzere cham'mbali cha paphewa mukulankhula motsitsa mawu, muipatse kunja kwa dzanja inunkhize, kenako dzanja paphewa osati kumaso. Mukamatsitsa dzanja kumwendo musalichotse pathupi, lizitsetsereka kuti izidziwa muli pati, ndipo muwerame osagwada pansi kuti ikadzidzimuka mudumphe. Nsapato zotseka chonde, chiboda chikakupondani chala mudzaiwala za luso.

ChalaChaDongo:

Ndabweranso patatha milungu itatu, zikomo nonse mwandithandiza kobasi. Ndinapeza malo ena oweta mahatchi ndipo anandilola nditafotokoza, ndapitako kanayi. Tsiku loyamba ndinangoima ngati chitsa dzanja likunjenjemera, hatchi yake yofiirira yokalamba, inandinunkhiza nkufwenthera mpweya wotentha m'manja mwanga ndinatsala pang'ono kuthawa kkkk. Koma a Msemi zija munanena za phewa ndazimva ndi dzanja langali, limayendadi pansi pa chikopa, ndipo chinandidabwitsa china ndi mphuno, yofewa kuposa chilichonse chimene ndinagwirapo, pomwe kungokwera pang'ono pamwamba pake ndi fupa gwa ngati thabwa. Mwendo m'munsi ndi wozizira, wouma, mtsempha wakumbuyo uja umagwirika pawokha ngati chingwe cha gitala. Ndinapezanso kanthu kolimba ngati khungwa m'kati mwa mwendo uliwonse, ndinayesa chilonda, anandiseka nkundiuza kuti amabadwa nako. Pazithunzi zanga zonse zija sindinakaonepo ngakhale kamodzi, nditabwerera kukayang'ana ndapeza kalipo pafupifupi paliponse.

Ndayeza hatchi yanga yoyamba ija ndi mutu wake, yakwana mitu itatu ndi theka, maso ali kutsogolo ngati a munthu, ndiye mlongo wanga sanalakwe. A Zidutswa, pa 50 paja ndafika 17. Chemwali SeraNdiWaya, plastiline ndapeza ndipo chigoba ndachipanga katatu chisanaoneke bwino, panopa ndikuumba yoima mwendo wakumbuyo itapumitsa ngati mmene ananenera a WaMkhola. Mlongo wanga dzulo wati ikuoneka ngati bulu, ine ndawerengera kuti takwera kalasi.

Pomwe ndakanirira ndi pachiuno. Mwendo ukapuma mbali imeneyo imatsika, koma ndikatsitsa ikumaoneka ngati yathyoka msana. Ndipinde waya wa msana kapena wa chiuno wokha?

SeraNdiWaya:

Wa chiuno wokha, msana musaukhudze, ndipo pang'ono kwambiri, theka la mmene mukuganizira. Mwendo umene wasenza thupiwo muulowetse pang'ono chapakati pansi pa mimba. Ngati bulu ndiye kuti makutu mwatalikitsa, dulaniko kaye musanagwire zina.

WaMkhola:

Mukapitanso mukaime kumbuyo kwake chapatali, mamita atatu kapena anayi, nthawi ya masana ikamawodzera, muone mafupa awiri a chiuno mmene apendekekera ndi komwe mchira wagwera. Muuze mwini wake kaye kuti mukuima kumeneko.